Malamulo a Kalembedwe Amasinthiranji?

1.0 MAWU OYAMBA

Pali dandaulo limene limamveka kawirikawiri pa misonkhano ya aphunzitsi ndiponso m'maofesi a akonzi a mabuku. Mphunzitsi amene ali mwana anaphunzira kulemba “mau”, lero amathetha liwu lomwelo m'kope la wophunzira wake popeza buku la m'kalasi likuti “mawu”. Mkonzi amene dzanja lake linazolowera “ndiri” amauzidwa kuti azilemba “ndili”. Winanso anakula akuveka kachipewa lembo la “w” polemba dzina la dziko lathu, koma akatsegula nyuzipepala ya lero kachipewako sakaona. Tsono anthu oterewa amafunsa kuti: Kodi amene anakonza malamulo oyamba aja analakwitsa? Nanga ngati analakwitsa, tidziwa bwanji kuti malamulo tili nawowa sadzasinthidwanso mawa?

Funsoli si lachibwana ayi. Wophunzira amataya malikisi pa mayeso chifukwa cha lembo limodzi, wosindikiza amataya ndalama pokonzanso buku, ndipo mlembi amene wadzudzulidwa kawiri kapena katatu amagwa ulesi n'kuyamba kulemba m'Chingerezi. Choncho m'pofunika kuliyankha mwachifatse.

Yankho limene nkhani ino ikupereka ndi lakuti kukonza kalembedwe ka chiyankhulo ndi ntchito imene vuto lake silioneka lonse poyamba. Limanka lioneka pang'onopang'ono pamene anthu akuyesa mayankho. Pofuna kuti mfundoyi imveke, tiyamba ndi kuona zimene akatswiri a ntchito zina, monga ojambula mapulani a nyumba ndi okonza mizinda, anapeza za mavuto a mtundu umenewu. Kenaka tibwerera ku Chichewa chathu.

2.0 MITUNDU IWIRI YA MAVUTO

Taganizirani mphunzitsi amene wapatsa ana samu yakuti apeze kukula kwa munda wotalika mamita 40, wotambalala mamita 20. Zonse zofunika zaperekedwa. Njira yake ndi yodziwika, yankho ndi limodzi, ndipo mwana akafika pa 800 amadziwa kuti wamaliza. Ili tilitcha vuto lolongosoka. Likhoza kukhala lovuta zedi, koma malire ake ndi ooneka.

Tsono taganizirani komiti ya sukulu imene yauza mmisiri kuti, “Tijambulireni chipinda chabwino chophunziriramo.” Chabwino kwa yani? Mphunzitsi akufuna mawindo aakulu kuti m'kati muziwala. Mlonda akufuna mawindo aang'ono poopa akuba. Msungichuma akufuna chotsika mtengo. Zofuna zina palibe amene amazitchula kufikira mmisiri ataonetsa chojambula chake choyamba. Pamenepo m'pamene wina amakumbuka kuti mvula imakonda kuwomba kuchokera mbali yakuti, kapena kuti Loweruka makolo amachitira misonkhano m'chipinda chomwecho. Ili tilitcha vuto losalongosoka. Funso lenilenilo silidziwika bwino, zofunika zake zimatsutsana, ndipo palibe yankho limodzi limene onse angavomere kuti ndilo lolondola.

3.0 M'MENE MAGANIZO A AKATSWIRI ANASINTHIRA

3.1 Njira ya magawo atatu

M'nkhani ino mawu akuti “kulinganiza” akutanthauza ntchito yoganiza ndi kujambula m'mene chinthu chidzakhalire chisanapangidwe, kaya ndi nyumba, mzinda, makina kapena chiwiya. M'chaka cha 1962, mumzinda wa London munachitika msonkhano wa akatswiri a ntchito yotereyi. Ambiri a iwo ankakhulupirira kuti kulinganiza kungathe kuyenda mwadongosolo monga sayansi. Njira imene inatchuka, yomwe J. Christopher Jones anailimbikitsa, inali ya magawo atatu otsatana: choyamba kusanthula vuto lonse ndi kulemba zofunika zake, chachiwiri kupanga yankho, chachitatu kuliyesa yankholo.

Christopher Alexander anayesa njira yotere mwakhama. M'buku lake la 1964 anatenga chitsanzo cha mudzi wa ku India, nalemba zofunika 141 zimene mudzi wabwino uyenera kukwaniritsa, ndipo anazigawa m'magulu mothandizidwa ndi kompyuta. Koma pofika 1971 iye mwini analemba kuti sagwirizananso ndi anthu amene anasandutsa njira zoterezi kukhala phunziro lapalokha, lotalikirana ndi ntchito yeniyeni yomanga. Chimene akatswiri ambiri anaona ndi chakuti gawo loyamba lija silitha. Mndandanda wa zofunika umangotalika, ndipo zofunika zazikulu zimatulukira mochedwa, yankho litaoneka kale.

3.2 Mavuto osaweteka

M'chaka cha 1973 Horst Rittel ndi Melvin Webber, aphunzitsi a pa University of California ku Berkeley, analemba nkhani imene inagawa mavuto pawiri: ofatsa, monga samu ija, ndi osaweteka, monga kusankha modutsa msewu waukulu mumzinda. Anatchula zizindikiro khumi za mavuto osaweteka. Zinayi mwa izo ndi zofunika kwa ife:

(a) Vutolo silingafotokozedwe lonse kamodzi. M'mene munthu walifotokozera ndi m'menenso wasankhira kale mtundu wa yankho.

(b) Palibe chizindikiro chakuti ntchito yatha. Anthu amaleka chifukwa nthawi, ndalama kapena chipiriro chawathera.

(c) Mayankho sakhala olondola kapena olakwa. Amakhala abwinopo kapena oipirapo, ndipo oweruza amasiyana maganizo.

(d) Yankho lililonse likagwiritsidwa ntchito limasiya zotsatira zosafafanizika. Msewu ukamangidwa wamangidwa.

Rittel anati ntchito yotere iyenera kuyenda monga mtsutso wa onse okhudzidwa, pakuti nzeru zofunika sizili m'mutu mwa katswiri yekha koma zamwazikana pakati pa anthu ambiri. M'chaka chomwecho Herbert Simon analembanso za mavuto osalongosoka, ndipo chitsanzo chake chachikulu chinali kujambula nyumba. Simon ndiye anaphunzitsa kuti pa mavuto oterewa anthu safunafuna yankho loposa onse, popeza palibe amene angaone mayankho onse. Amafunafuna yankho lokwanira, lomwe angagwire nalo ntchito.

3.3 Zimene amisiri amachita akakhala pa ntchito

Ofufuza ena anasiya kulamula m'mene amisiri ayenera kugwirira ntchito, nayamba kupenyerera m'mene amaigwirira. Bryan Lawson, mu 1979, anapatsa ophunzira a sayansi ndi ophunzira ojambula nyumba timatabwa topakidwa utoto kuti atisanje motsata malamulo ena amene anawabisira. Asayansi ankayesa kasanjidwe kosiyanasiyana pofuna kutulukira lamulo lobisikalo. Ojambula nyumba ankayamba ndi kasanjidwe kooneka kabwino, kakakanidwa n'kukakonza pang'ono, ndipo mwa njira imeneyo ankalidziwa vutolo. Donald Schön, mu 1983, anafanizira ntchitoyi ndi kucheza: mmisiri amajambula mzere, chojambulacho chimamuyankha pomuonetsa chimene sanachiganizire, iye n'kusintha m'mene akulionera vutolo.

Mu 2001 Kees Dorst ndi Nigel Cross anafalitsa kafukufuku wa amisiri asanu ndi anayi amene aliyense payekha anapemphedwa kulinganiza njira yotayira zinyalala m'sitima ya pamtunda ya ku Netherlands. Ali m'kati moyesa mayankho, onse anafika pa ganizo lakuti nyuzipepala zimene apaulendo amasiya zizisonkhanitsidwa pazokha. Funso limene anayamba nalo linali la motayira zinyalala. Limene anamaliza nalo linali losiyanako. Ofufuzawo anati vuto ndi yankho zimakulira limodzi, china chikuumba chinzake.

Mwachidule, m'zaka makumi anayi maganizo anachoka pa kunena kuti “yamba wamvetsa vuto lonse, kenaka uliyankhe” n'kufika pa kunena kuti “yesa yankho, umve chimene likukuuza, ulifotokozenso vutolo”. Woumba mbiya wa kwathu kuno amazidziwa zimenezi: dongo la padambo lachilendo amalidziwa pamene akuliumba ndi kuliwotcha, osati poliyang'ana.

4.0 KALEMBEDWE NGATI VUTO LOSALONGOSOKA

Munthu angaganize kuti kukonza kalembedwe ndi samu chabe: werenga maliwu a chiyankhulo, lipatse lililonse lembo lake, ntchito yatha. William Smalley, katswiri wa ziyankhulo amene ankathandiza omasulira Baibulo, anaonetsa mu 1959 kuti sizili choncho. Anatchula zinthu zisanu zimene kalembedwe kabwino kayenera kukwaniritsa:

(a) eni chiyankhulo akakonde ndi kukalandira;

(b) kaimire bwino m'mene anthu amayankhulira;

(c) kakhale kosavuta kuphunzira;

(d) kathandize wophunzira powerenga ziyankhulo zina zimene adzakumana nazo;

(e) kakhale kosavuta kutayipa ndi kusindikiza.

Zisanuzi sizigwirizana nthawi zonse. Ukawonjezera zizindikiro kuti kalembedwe kaimire bwino mayankhulidwe, walemetsa mwana wa Sitandade 1 ndi wotayipa yemwe. Ukazichepetsa, mawu ena osiyana amaoneka ofanana. Walira mvula walira matope.

Kuwonjezera apo, funso limene okonza kalembedwe ka Chichewa ankayankha lakhala likusintha. Mtanthauziramawu wa Johannes Rebmann, amene anausonkhanitsa kufupi ndi Mombasa kuchokera kwa Salimini, munthu wochokera kuno kwathu, unasindikizidwa mu 1877. Wa David Clement Scott wa ku Blantyre unatuluka mu 1892. Mabuku amenewa kwenikweni ankayankha funso lakuti: mlendo angaphunzire bwanji chiyankhulochi? Omasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922, anali ndi funso lina: tilembe bwanji kuti Mmang'anja wa kumwera ndi Mchewa wa ku Nkhoma awerenge buku limodzi? Malamulo a kalembedwe ka Chinyanja a 1931 anafuna kuti olemba ndi osindikiza osiyanasiyana azilemba mofanana. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko lonse, ndipo funso linakula: tsopano kalembedwe kanayenera kutumikiranso mwana amene kwawo amayankhula Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe kapena Chisena. Bungwe la Chichewa, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, linatulutsa malamulo mu 1973, ndipo linawakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Bungweli litathetsedwa mu 1995, ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies imene inatsegulidwa ku Zomba mu 1996. Lero kalembedwe komweko kayenera kukwana pa kompyuta ndi pa foni ya m'manja.

Tikaona mndandanda umenewu, n'zoonekeratu kuti anthu a mu 1931 sakanatha kuyankha funso la mu 1968, pakuti linali lisanafunsidwe.

5.0 ZITSANZO ZA M'CHICHEWA

5.1 Lembo la “h” losonyeza mpweya

M'zolemba zambiri zoyambirira, alendo sankasiyanitsa “p”, “t” ndi “k” otuluka ndi mpweya ndi opanda mpweya, chifukwa m'ziyankhulo zawo kusiyanako sikusintha tanthauzo. Umboni wake ndi maina a malo amene pa mapu akale analembedwa kuti Kota Kota ndi Nkata Bay, pamene lero timalemba Nkhotakota ndi Nkhata Bay. Vutoli linaonekera m'kuwerenga, pakuti m'Chichewa mpweya umasiyanitsa mawu.

Zitsanzo:
kuponya — kuphonya
kola — khola

Apa yankho loyamba linaulula vuto, ndipo yankho lachiwiri linakhazikika popanda mkangano. Chifukwa chake n'chakuti linakwaniritsa pafupifupi zonse zisanu za Smalley: “h” ali pa makina alionse, ndi wosavuta kuphunzitsa, ndipo eni chiyankhulo amaumva mpweyawo.

5.2 Kuchokera ku “c” kupita ku “ch”

Makope akale a Buku Lopatulika amalemba “cifukwa” ndi “nchito”. Kalembedwe kameneko kanali ndi dongosolo labwino: “c” wopanda mpweya, “ch” wa mpweya, monga momwe zilili ndi “p” ndi “ph”. Kalembedwe kamene kanabwera ndi malamulo a 1973 kamalemba “chifukwa”, zomwe ndi zosavuta kwa munthu amene amawerenganso Chingerezi, m'mene “c” payekha amamveka ngati “k” kapena “s”. Koma “ch” atapatsidwa ntchito yatsopanoyi, liwu la mpweya lija linasowa lembo, ndipo panafunika malembo atatu, “tch”, monga m'mawu akuti “ntchito”, “tchire” ndi “Ntcheu”.

Panatulukanso chotsatira china. Ku Zambia ndi ku Mozambique kalembedwe ka m'sukulu kamasunga “c”, kotero kuti chiyankhulo chimodzi chimalembedwa “Chinyanja” kuno, “Cinyanja” kutsidya kwa malire. Mu 2001 bungwe la CASAS la ku Cape Town linafalitsa kalembedwe kogwirizanitsa ziyankhulo za m'maiko atatuwa, komabe kusiyana kumeneku kukuonekabe m'mabuku. Kodi “c” ndi “ch” wolondola ndani? Funso limenelo lilibe yankho. Aliyense anapindula pena, nataya pena.

5.3 Malembo a “l” ndi “r”

Kwa Mchewa “l” ndi “r” ndi liwu limodzi lomwe limamveka mosiyanako malinga ndi malo ake. Lamulo lodziwika likuti “r” alembedwe pambuyo pa “e” kapena “i”, ndipo “l” alembedwe pena paliponse.

Zitsanzo:
kulira, kulera, kubereka
kulola, kugula, kukhala

Lamuloli ndi lalifupi ndi lomveka. Koma litayamba kugwira ntchito linakumana ndi mawu monga “chilala”, “milandu”, “lilime” ndi “ndilibe”, m'mene “i” ndi wa mphatikiram'mbuyo ndipo “l” ndi woyamba wa tsinde. Pofuna kuti tsinde lisamasinthe maonekedwe, monga “mlandu” ndi “milandu”, anati pamenepa “l” akhale. Ichi n'chifukwa chake “ndiri” anasanduka “ndili”. Chotsatira chake n'chakuti mwana ayenera kudziwa pothera mphatikiram'mbuyo asanalembe liwu molondola, ndipo ngakhale akuluakulu amasiyana: nyuzipepala ina imalemba “kachilombo”, ina “kachirombo”. Maina a malo nawo ali ndi mbiri yawoyawo: tili ndi Chileka, tilinso ndi Chiradzulu. Vuto limene linayamba ngati la kamvekedwe linasanduka la kapangidwe ka mawu.

5.4 Lembo la “ŵ”

M'zaka za Bungwe la Chichewa, lembo la “ŵ” linkaoneka m'mabuku ambiri, m'mawu monga “nthaŵi”, “aŵiri” ndi “Malaŵi”. Linkaimira liwu lenileni lomwe limamveka m'mayankhulidwe ena a m'chigawo chapakati. Pa mfundo yachiwiri ya Smalley, lemboli linali loyenera. Koma anthu ambiri oyankhula Chichewa saliyankhula liwulo mosiyana ndi “w”, choncho ankayenera kuloweza pamtima mawu ofuna kachipewa. Makina otayipira ambiri analibenso lembolo. Lero nyuzipepala ndi mabuku ambiri saligwiritsa ntchito. Apa amene anapereka chigamulo ndi alembi, otayipa ndi owerenga, monga momwe Rittel ananenera kuti nzeru za vuto lotere zili kwa onse okhudzidwa.

5.5 Kukweza ndi kutsitsa liwu

Chichewa chimasiyanitsa mawu ena ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu. “Mtengo” wa m'nkhalango ndi “mtengo” wa pamsika amamveka mosiyana koma amalembedwa mofanana. Chimodzimodzi “khungu” la pathupi ndi “khungu” la maso. M'aneni nkhaniyi ndi yaikulu koposa: “ndimalemba” angatanthauze chizolowezi cha masiku onse, kapena chimene chinkachitika posachedwapa. Kalembedwe kathu sikasonyeza zimenezi. Kodi ndi kulephera? Ndi yankho lokwanira, lija ananena Simon. Zizindikiro pa phatikizo lililonse zikanathandiza mlendo wophunzira chiyankhulo, koma zikanalemetsa mwini chiyankhulo amene amazindikira tanthauzo poona chiganizo chonse. Malo oyenera zizindikiro zotere ndi mtanthauziramawu ndi mabuku a akatswiri.

6.0 MAWU ATSOPANO

Ntchito yopanga mawu a zinthu zatsopano imayendanso chimodzimodzi. Komiti ikhoza kukhala pansi n'kupanga liwu lomveka bwino, koma sidziwa chimene anthu akufuna kufikira liwulo litatuluka kunja. Liwu lakuti “lamya” lilipo ndipo limamveka pa wailesi, koma pamsika anthu amati “foni”. Pa nthawi ya riferendamu ya 1993, mawu akuti “boma la zipani zambiri” ankafotokoza bwino nkhaniyo, komabe liwu limene linayenda pakamwa pa anthu linali “matipate”. Kumbali ina, “ufulu wachibadwidwe” ndi “katangale” ndi mawu a Chichewa amene anakhazikika popanda kubwereka.

Zitsanzo zimenezi zikutiphunzitsa kuti funso lakuti “tibwereke kapena tipange?” silingayankhidwe kamodzi kwa mawu onse. Nthawi zina chimene anthu akufuna ndi liwu lalifupi lonena msanga. Nthawi zina akufuna liwu lodzifotokoza lokha, makamaka pa nkhani za malamulo ndi zaumoyo, pamene kusamvetsa kungapweteke munthu. Kawirikawiri mawu awiri amakhalira limodzi, lina m'zolemba, lina m'macheza, ndipo chimenechi si chisokonezo.

7.0 KUSINTHA KULI NDI MTENGO WAKE

Zonse tanenazi zisamveke ngati tikuti malamulo azisinthidwa chaka ndi chaka. Chizindikiro chachinayi cha Rittel ndi Webber chiyenera kukumbukiridwa: yankho likalowa m'manja mwa anthu silibwezeka. Mmisiri akhoza kufufuta mzere papepala, koma lamulo la kalembedwe likalowa m'mabuku a sukulu limakhala m'manja mwa ana amene adzalemba nalo moyo wawo wonse. Madzi akatayika saoleka.

Zimenezi sizichitika kwa ife tokha. Pa 1 July 1996, mumzinda wa Vienna, nthumwi za maiko oyankhula Chijeremani zinasaina pangano losintha kalembedwe kawo. Alembi otchuka anakana, nkhaniyo inafika ku khoti lalikulu la dziko la Germany mu 1998, ndipo mu 2000 nyuzipepala ya Frankfurter Allgemeine Zeitung inabwerera ku kalembedwe kakale. Malamulowo anakonzedwanso mu 2004 ndi mu 2006. Chijeremani chakhala chikusindikizidwa kwa zaka zoposa 500, komabe akatswiri ake sanathe kuoneratu zonse. Mtengo wa kuyesa kumeneko unagwera ana a sukulu amene anaphunzira kalembedwe kosiyana m'zaka khumi zokha.

Choncho pali zinthu ziwiri zoyenera kugwiridwa pamodzi. Vuto la kalembedwe silingadziwike popanda kuyesa. Koma kuyesa pa mtundu wonse ndi kodula. Njira yanzeru ndi kuyesa kwambiri pa anthu ochepa lamulo lisanalengezedwe, ndi kusintha kamodzikamodzi likalengezedwa.

8.0 ZOYENERA KUCHITA

8.1 Aphunzitsi

Phunzitsani lamulo limene lili m'silabasi mosakayika, pakuti mwana amafuna poponda polimba ndipo mayeso amatsata lamulolo. Koma kwa ophunzira a m'makalasi apamwamba fotokozani chifukwa chake lamulolo lilipo. Musawauze kuti mabuku akale ndi olakwa. Auzeni kuti analembedwa m'kalembedwe ka nthawi yawo. Pochonga, siyanitsani cholakwa chosintha tanthauzo, monga “kuponya” m'malo mwa “kuphonya”, ndi chosiyana chabe ndi lamulo, monga “mau” m'malo mwa “mawu”. Zonse zikonzedwe, koma sizilemera mofanana.

8.2 Akonzi

Buku limodzi likhale ndi kalembedwe kamodzi kuyambira tsamba loyamba kufikira lomaliza. Pamene lamulo silinena kanthu, sankhani njira imodzi, ilembeni m'kaundula wa ofesi pamodzi ndi chifukwa chake, ndipo itsatireni. Sungani mndandanda wa mawu amene alembi anu amaphonya mobwerezabwereza. Ngati alembi khumi odziwa chiyankhulo akuphonya pa malo amodzi, mwina vuto si la alembiwo. Mndandanda wotere ndi umboni umene okonza malamulo amausowa. Pobwereza mawu a m'buku lakale, asiyeni m'kalembedwe kawo.

8.3 Alembi

Dziwani pamene kalembedwe kathu kamasiya mpata wa matanthauzo awiri, ndipo tsekani mpatawo ndi kasanjidwe ka chiganizo. Ngati “ndimalemba” angasokoneze, lembani “ndinkalemba” kapena wonjezerani liwu losonyeza nthawi. Mukagwiritsa ntchito liwu latsopano, lifotokozeni poyamba, kenaka mverani ngati owerenga alitola.

8.4 Okonza malamulo

Lamulo lisanalengezedwe liyesedwe pa ana a m'makalasi oyambirira, pa otayipa, pa owerenga nkhani pa wailesi, ndiponso m'zigawo zonse za dziko, osaiwala anzathu oyankhula chiyankhulo chomwechi ku Zambia ndi ku Mozambique. Mutu umodzi susenza denga. Lamulo lililonse lituluke ndi chifukwa chake cholembedwa, ndi zomwe linataya posankha njira imeneyo, kuti odzabwera pambuyo asadzayambirenso mtsutso umene unatha kale. Pakhalenso nthawi yokwanira imene kalembedwe kakale ndi katsopano kadzaloledwa pa mayeso.

9.0 MAWU OMALIZA

Tibwerere ku funso la mphunzitsi uja. Kodi amene anakonza malamulo oyamba analakwitsa? Pena analakwitsadi, monga posasonyeza mpweya. Koma m'malo ambiri anayankha bwino funso limene linali patsogolo pawo, ndipo yankho lawolo ndi limene linatithandiza kuona funso lotsatira. Pakanapanda lamulo la “l” ndi “r”, sitikanazindikira msanga kufunika kosunga tsinde. Pakanapanda “ŵ” m'mabuku, sitikanadziwa kuti ndi angati amene amalimva liwulo.

Nanga malamulo a lero adzasinthanso? Mosakayika mbali zina zidzasintha, pakuti chiyankhulo chikuyenda, zipangizo zolembera zikusintha, ndipo owerenga akuchuluka. Chofunika n'chakuti kusinthako kuchokere pa umboni wa m'kalasi, wa m'chipinda cha akonzi ndi wa patebulo la mlembi. Umboni umenewo uli m'manja mwa inu owerenga nkhani ino, ndipo ndi bwino kuusunga ndi kuupereka kwa oyang'anira za chiyankhulo.